Sikuludiraiva yoyeza mphamvu: chifukwa chake sikopu ya pamfuti samanga mongoyerekeza

Anthu ogwira mfuti mwalamulo kuno ku Kasungu ndi owerengeka: alonda a ku paki, apolisi, ndi eni maesiteti angapo amene ali ndi laisensi. Koma pakati pa ochepawo pali dandaulo limene limabwerabwera, makamaka kwa amene anaika sikopu, galasi lija lokokera pafupi chinthu chakutali. Munthu wailunjikitsa bwinobwino Lolemba, zipolopolo zikugwera malo amodzi. Pofika Lachisanu ikuponya cha kumanzere. Woyamba kunenedwa amakhala sikopu, ati ndi yabodza. Kenako zipolopolo. Ena amafika mpaka pokayikira mnzawo amene anaibwereka. Chonsecho, nthawi zambiri vuto limakhala pa timasikuluwu tochepa togwira sikopuyo: tamangidwa moperewera, kapena tamangitsidwa.

Ndiye wina akauzidwa kuti agule sikuludiraiva ya torque, amadabwa. Chida chapadera, chodula, chongomangira timasikuluwu tosakwana khumi? Ndipo akatsegula intaneti amapeza manambala osokoneza mutu: in-lb, Nm, 18, 65, 2.0. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Torque ndi chiyani

Torque ndi mphamvu yopotokola. Imadalira zinthu ziwiri: kukankha kwanu, ndi kutalika kwa mpini kuchokera pa chinthu chimene mukupotokolacho. Aliyense amene anaimapo pamene amakanika akumasula tayala la lole ya fodya anaona zimenezi ndi maso. Nati ikakanika, mnyamata amatenga paipi yaitali n'kuvalika pa sipanala, kenako n'kukwera kumapeto kwake. Thupi lake ndi lomwe lija, koma nati imalira n'kutembenuka, chifukwa mpini watalika. Mpini ukatalika kawiri, mphamvu yopotokola imachuluka kawiri.

Nzeru ya mpini ndi yakale, Archimedes wa ku Greece anaifotokoza zaka zoposa 2,000 zapitazo. Chimene chinachedwa ndi chida choyezera mphamvuyo pamene munthu akumanga bawuti. Mbiri imatchula Conrad Bahr, amene ankagwira ntchito ku dipatimenti ya madzi ya mzinda wa New York, kuti anapanga sipanala yotere mu 1918 pofuna kuthana ndi vuto la anthu omangitsa mabawuti a mapaipi. Pofika cha m'ma 1930 zida zimenezi zinayamba kugulitsidwa ndipo zinalowa m'magalaji a galimoto. Sikuludiraiva ya torque ndi mng'ono wake wa sipanalayo: ntchito ndi imodzi, koma inapangidwira mphamvu zazing'ono kwambiri, za pa zipangizo zamagetsi, zida za m'chipatala, ndi masikopu.

Pali mfundo imodzi imene anthu ambiri saidziwa. Chimene timafuna pomanga sikuluwu si kupotokolako. Sikuluwu ikamangidwa imatamuka pang'ono kwambiri ngati sipuling'i, ndipo kutamukako ndiye kumapanikiza zitsulo ziwiri kuti zigwirane. Kupanikiza kumeneku n'kovuta kuyeza mwachindunji, choncho timayeza torque m'malo mwake, poti ziwirizi zimayendera limodzi. Sungani mfundo imeneyi, ibweranso tikafika pa oyilo.

Sikopu imachitiranji mantha

Masikopu a pamfuti anayamba kuoneka ku America cha m'ma 1830 ndi 1840, ndipo pofika 1855 William Malcolm wa ku Syracuse anali atayamba kuwapanga ogulitsa. Akalewo anali mapaipi aataliatali achitsulo. Amakono ambiri ndi a aluminiyamu, chikopa chake chopyapyala, kukula kwa paipi yake inchi imodzi (mamilimita 25.4), mamilimita 30 kapena 34. M'kati mwa paipi imene mumaionayo muli kapaipi kena kakang'ono konyamula magalasi, kotsamira pa sipuling'i. Mukamapotokola timabatani ta pamwamba ndi pambali polunjikitsa, kamene kamasuntha ndi kapaipi kam'katiko. M'kati mwake amapoperamonso mpweya wa nitrogen kapena argon kuti galasi lisachite nkhungu nthawi ya dzinja.

Sikopu imakhala m'mphete ziwiri, mphetezo zimagwira pa njanji yaing'ono, ndipo njanjiyo imamangidwa pamsana pa mfuti. Njanji zodziwika ndi za Weaver ndi Picatinny. Ya Picatinny asilikali a ku America anaivomereza kukhala muyezo wawo mu 1995. Ndiye pali malo atatu a masikuluwu, ndipo lililonse lili ndi mphamvu yake.

Mukamangitsa mphete, paipi ya aluminiyamu ija imafinyika. Pena zimaoneka, pamatsala mzere wolowa. Pena kunja sikuoneka kanthu, koma kapaipi kam'kati kapanikizika, moti mukapotokola batani kasanu sikasuntha, pa kachisanu ndi chimodzi n'kulumpha kamodzin'kamodzi. Njira ina yoonongera ndi mazinga: sikuluwu ndi yachitsulo, mphete ndi ya aluminiyamu, ndipo zikalimbana ogonja ndi mazinga a aluminiyamu. Mumangomva sikuluwu yafewa mwadzidzidzi, ikungozungulira. Basi, mphete yatha.

Mukamanga moperewera, vuto ndi lina. Mfuti ikalira imakankha m'mbuyo, sikopu imafuna kutsalira pamene inali, ndiye imatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kutsogolo m'mphete zake. Mfuti zikuluzikulu zoombera nyama zoopsa, monga .375 H&H kapena .458 Winchester Magnum, zimakankha zedi. Ndipo musadere mfuti zampweya za sipuling'i, zija zoombera mbalame: zimagwedeza m'mbuyo ndi kutsogolo komwe, ndipo zimadziwika ndi kukhwefula komanso kuononga masikopu.

Kusuntha kwake sikuyenera kukhala kwakukulu kuti muphonye. Tiyerekeze kuti mphete ziwirizo zatalikirana mamilimita 100. Mphete imodzi ikasunthira pambali ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, kukhuthala ngati pepala limodzi, chipolopolo chimagwa masentimita 10 kutali ndi chandamale pa mtunda wa mamita 100. Pa mamita 200 ndi masentimita 20. Diso silingaone kusuntha kwa pepala limodzi, koma pa nyama chipolopolo chimagwa pena. Kuyambira 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku paki ya Kasungu, nkhani ya nyama zotuluka n'kulowa m'minda yakhala pakamwa pa anthu a m'midzi yozungulira. Mlonda akakakamizika kuombera nyama yovuta, kuphonya pang'ono kumatanthauza nyama yovulala, ndipo nyama yovulala ndi yoopsa kuposa yamphumphu. N'zoona kuti alonda ambiri pa ntchito yapafupi ngati imeneyi sagwiritsa ntchito sikopu n'komwe, koma pamene ilipo iyenera kukhala pamalo pake.

Manambala ndi miyezo: apa ndiye pogwera ambiri

Torque imayezedwa m'miyezo ingapo, ndipo zida zimene zimafika kuno zimachokera mbali zosiyana. Za ku America zimalemba inch-pound, mwachidule in-lb. Za ku Ulaya ndi South Africa zimakonda newton-metre, Nm. Newton-metre imodzi ndi pafupifupi mphamvu ya kilogalamu imodzi yopachikidwa pa mpini wotalika masentimita 10. Kusinthanitsa kwake ndi kotere: 1 Nm ndi 8.85 in-lb, ndipo 1 in-lb ndi 0.113 Nm.

Masikuluwu a pamwamba pa mphete, ogwira paipi ya sikopu, makampani ambiri amati amangidwe pakati pa 15 ndi 18 in-lb, ena amalola mpaka 25. M'muyezo winawo ndi 1.7 mpaka 2 Nm, mwina kufika 2.8. Masikuluwu omangira njanji pa mfuti amakhala chapafupi pomwepo kapena kupitirirako pang'ono. Nati yaikulu ya theka la inchi, yogwiritsa mphete ku njanji ya Picatinny, nthawi zambiri imafuna 65 in-lb, kapena kuti 7.3 Nm. Yerekezani ndi nati ya tayala la galimoto yaing'ono, imene imamangidwa cha m'ma 100 mpaka 120 Nm. Sikuluwu ya mphete ikufuna gawo limodzi mwa magawo makumi asanu a mphamvu imeneyo. Zala zitatu pa kakiyi kokhota kaja ka Allen zimadutsa malirewo munthu asanamve kuti wayamba kulimbitsa.

Msampha waukulu uli pa inch-pound ndi foot-pound. Maina akufanana, chidule chake chikusiyana zilembo ziwiri zokha, koma foot-pound imodzi ndi ma inch-pound 12. Munthu awerenga 18 papepala, apita ku galaja ya mnzake pa Kasungu boma, abwereka sipanala ya torque yomangira injini, aika pa 18. Ngati sipanalayo ili mu foot-pound, wathira 216 in-lb pa sikuluwu yofuna 18. Ngati ili mu Nm, wathira pafupifupi 159. Mwa njira zonse ziwiri, mutu wa sikuluwu uthothoka, ndipo chotsalira m'bowo sichituluka popanda kuboola. Palinso zida zina zolemba cNm, pamene 200 cNm ndi 2 Nm, ndi zina za ku Asia zolemba kgf.cm. Musanakhudze sikuluwu, onani kuti zilembo za pa chida ndi za papepala ndi zofanana.

Manambala onsewa ndi ongokupatsani chithunzi. Nambala yeniyeni ndi imene yalembedwa pa pepala kapena pa bokosi la mphete zimene muli nazo, ndipo makampani ena amaidinda pa mphete penipenipo.

Mitundu ya zida

Mtundu wofala kwambiri ndi wa sipuling'i yosintha. Mumapotokola chakumatako kwa chogwirira mpaka chizindikiro chifike pa nambala imene mukufuna. Mukamamanga, mphamvu ikakwana, chida chimalira "khe" ndipo chogwirira chimaterereka osapititsanso mphamvu ku sikuluwu. Chodziwika pakati pa anthu a mfuti ndi FAT Wrench ya kampani ya Wheeler, imene imayambira 10 kulekeza 65 in-lb, dala kuti ikwanire kuyambira pa mphete mpaka pa nati yaikulu ija. Makampani a zida a ku Germany, monga Wera ndi Wiha, amapanga zofananako, zambiri zolembedwa mu Nm. Pano pali kusiyana kumene kumafunika kufunsa: zina zikalira zimatererekadi, moti ngakhale mupitirize simungamangitse, zina zimangolira kukuchenjezani, mukapitiriza zimapitiriza nanu.

Mtundu wachiwiri ndi wa nambala imodzi yokhazikika. Kachida kalikonse kanaikidwa pa mphamvu imodzi kufakitale ndipo simungasinthe. A kampani ya Fix It Sticks amagulitsa timitu totere, kena ka 15, kena ka 25, kena ka 65. Ndi topepuka, tokwana m'thumba la yunifolomu, ndipo munthu sangalakwitse poika nambala. Kuipa kwake, mukasintha mphete n'kupeza zofuna 18 kapena 20, mugulanso kena.

Wachitatu ndi woonetsa, wokhala ndi singano kapena mizere. Sumaletsa chilichonse, umangokuuzani pamene mwafika, ndiye maso akhale pomwepo. Wachinayi ndi wa batire, wolemba nambala pagalasi ndi kulira mukayandikira. Umenewu umasintha kuchoka ku in-lb kupita ku Nm pongodina batani, chimene chimachotsa msampha uja wa miyezo. Koma umafuna batire, ndipo fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha mu Januwale sizigwirizana ndi zamagetsi. Kwa munthu wokhala masiku ambiri kutchire ku Lifupa, m'paki ya Kasungu, chida chopanda batire chili ndi ubwino wake. Kwa wokonza mfuti za anthu ambiri pa tebulo, cha batire chimapeputsa ntchito.

Zoyang'ana posankha

Choyamba ndi malire a chida. Chida chilichonse cha torque chimalondola bwino pakati pa malire ake, ndipo chimayamba kunama chakumunsi kwenikweni. Lamulo lakale la amisiri limati musachidalire pansi pa gawo limodzi mwa magawo asanu a nambala yake yapamwamba. N'chifukwa chake sipanala ya galimoto yofika 200 Nm singathandize pa 2 Nm, ngakhale mutawerenga miyezo molondola. Lembani manambala onse amene mphete ndi njanji yanu zikufuna, kenako mufune chida chimene manambalawo akugwera m'kati mwake momasuka. Ngati nati ya 65 in-lb mulibe, chida cholekeza 50 kapena 36 chingakutumikireni bwino pa 18 kuposa chotambalala.

Chachiwiri ndi kulondola. Muyezo wa dziko lonse wa zida zimenezi, ISO 6789, umalola sikuludiraiva ya torque kuphonya ndi 6 peresenti mbali iliyonse. Pa 18 in-lb, kumeneko ndi kuphonya ndi in-lb imodzi, ndipo sikopu siimva. Wheeler amalonjeza kuti chida chawo sichiphonya kuposa 2 in-lb pa manambala otsika. Chida chabwino chimabwera ndi kapepala kosonyeza kuti chinayesedwa. Chimene chilibe dzina la wopanga kapena kapepala, mwangogula mphaka m'thumba: chikhoza kukhala cholondola, koma palibe wokutsimikizirani.

Apa nkhani yake ikufanana ndi ya sikelo za ogula soya ndi mtedza ku Kamwendo kapena ku Santhe. Sikelo imatha kukhala yonyezimira, singano ikuyenda bwinobwino, koma sipuling'i yake itatopa, ndipo mlimi sangadziwe pongoiyang'ana. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera sikelo ndi kuzidinda. Sikuludiraiva ya torque nayo ili ndi sipuling'i yotha kutopa. Muyezo wa ISO uja umati chida chiyesedwenso pakatha miyezi 12 kapena chikagwira ntchito ka 5,000, chimene chayamba kukwana. Ndipo opanga amalangiza kuti mukamaliza ntchito muzibweza chida pa nambala yotsikitsitsa, sipuling'i ipume, komanso musamachigwiritse ntchito pomasula masikuluwu okanika. Chikagwa pa simenti, muyambe kuchikayikira.

Chachitatu, chimene ambiri amaiwala, ndi timitu tolowa mu sikuluwu. Mphete zamakono zambiri zili ndi mitu ya Torx, ija yonga nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, imene kampani ya Camcar Textron inatulukira mu 1967. Masaizi ofala ndi T10, T15 ndi T25. Zina zili ndi mitu ya Allen, ndipo pamenepa pali msampha wina, chifukwa ya mainchi ndi ya mamilimita imayandikana kwambiri moti yolakwika imalowa ndithu, n'kudya mutu wa sikuluwu pa kupotokola koyamba. Chida chimene chimalandira timitu wamba ta kota ya inchi chimakupulumutsani, poti timitu totere timapezeka m'mahadiweya ambiri, pamene cha timitu tapadera kakatayika kamodzi mudikira wochokera ku Johannesburg.

Ndipo chida chabwino sichikonza dzanja lopupuluma. Mfuti ikhale yopanda chipolopolo, mutayang'ana kawiri. Sikopu ikhazikidwe kaye, masikuluwu ali ofewa, mpaka mtunda wa pakati pa diso ndi sikopu komanso kuwongoka kwa mtanda wa m'galasi zikhale bwino. Kenako mumange mopingasa, kutsogolo kumanzere, kumbuyo kumanja, pang'onopang'ono, mukuyang'ana kuti kampata ka pakati pa gawo lapamwamba ndi lapansi la mphete kafanane mbali zonse ziwiri. Kampatako kakatsekeka mbali imodzi, ndiye kuti mwapendeketsa. Chida chikalira kamodzi pa sikuluwu iliyonse pa ulendo womaliza, zakwana. Chizolowezi choliza katatu "kuti zitsimikizike" chimawonjezera mphamvu pang'onopang'ono.

Oyilo ndi guluu wa mazinga

Tibwerere ku mfundo ija yakuti torque ndi nthumwi chabe ya kupanikiza. Pa mphamvu yonse imene mumathira pa sikuluwu youma, pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi amathera pa kukhulana kwa zitsulo, m'mazinga ndi pansi pa mutu. Gawo limodzi lokha ndi limene limatamula sikuluwu n'kupanikiza. Tsono mukathira oyilo, kukhulana kumachepa, ndipo pa nambala yomweyo ya 18 sikuluwu imalowa kwambiri n'kupanikiza koposa. Chida chikuuzani kuti zonse zili bwino pamene paipi ikufinyika. Anthu osamala mfuti amakonda oyilo paliponse, ndipo mabowo a pamsana pa mfuti yatsopano amabwera ali ndi girizi wa kufakitale. Apukutidwe ndi sipiriti aume musanamange.

Guluu wa mazinga, amene ambiri amangomutchula Loctite, amachita chimodzimodzi asanaume: amatereretsa. Wabuluu, wa nambala 242 kapena 243, amalola kumasula ndi zida wamba. Wofiira amafuna kutenthetsa ndi moto kuti amasuke, ndipo pafupi ndi magalasi alibe malo.

Zimene akatswiri sanagwirizane

Nkhani ya guluu ndi yoyamba. Pa masikuluwu a njanji, ambiri amavomereza kadontho ka wabuluu. Pa masikuluwu a mphete, makampani ena monga Vortex amaletsa, poopa kumangitsa kuja, pamene anthu ena oombera mfuti zokankha kwambiri amati popanda guluu masikuluwu amakhwefuka. Ndipo ngati mwathira, nambala muichepetse ndi zingati? Apa aliyense ali ndi yankho lake.

Yachiwiri: pepala la mphete likati 25 koma la sikopu likati musapitirire 18, mumvere ndani? Wopanga mphete akuteteza kugwira, wopanga sikopu akuteteza paipi yake. Ambiri amati tsatirani nambala yotsika, koma ena amayankha kuti mphete zotambalala za masikuluwu asanu ndi limodzi zimagawa mphamvu mosiyana ndi zopyapyala za masikuluwu awiri, choncho nambala imodzi singakwanire mphete zonse.

Yachitatu ndi ya kuyesanso chida. Malire a miyezi 12 anapangidwira mafakitale kumene chida chimalira tsiku lonse. Kodi munthu womanga sikopu kawiri pachaka akuyenera kutsata zomwezo, makamaka ngati kutumiza chidacho kokayesa kungadye ndalama zoyandikira mtengo wa chatsopano? Ena amangofanizira zida ziwiri, kapena kupachika cholemera chodziwika pa mpini woyezedwa kutalika. Ena amati kuyesa kotere n'kongodzitonthoza.

Ndipo palinso amisiri akale, amene amanga masikopu zaka zambiri ndi kakiyi kokhota atagwira mbali yake yaifupi, amene amafunsa ngati chida chonsechi n'chofunikadi. Owayankha amati masikopu a masiku ano ali ndi zoyenda zambiri m'kati kuposa akale, ndipo dzanja la mmisiri mmodzi silingabwerekedwe kwa mlonda wina amene wangopatsidwa mfuti dzulo. Kwa gulu la anthu ogwira ntchito limodzi, funso limasanduka lakuti chida chimodzi chosungidwa ku nyumba ya zida n'chokwanira, kapena gulu lililonse lopita kutchire linyamule chake.